Makalata a Omvera: Maungu pa Nthawi ya Mvumbi

Takulandirani omvera. Mvumbi wagwa sabata yathunthu, ndipo makalata ambiri lero ndi a maungu.

Bambo wina wa ku Mulanje walemba kuti: "Muwauze anzathu kuti dzungu limafera ku mizu, osati kumasamba. Madzi akaima paphando masiku awiri, mizu imasowa mpweya, masamba amafota ngati kuli dzuwa pomwe nthaka ili chinyezi chokhachokha. Dzalani pa mitumbira yotalika masentimita 30, ndipo mvula ikakakamira kumbani ngalande yotulutsa madzi kumunsi kwa munda. Musaponde dothi lonyowa pafupi ndi tsinde, yalani thabwa."

Zoonadi bambo. Ndiwonjezepo kuti musakwirire tsinde lenilenilo ndi dothi lonyowa, pamenepo ndi pomwe kuola kumayambira.

Mayi wina wa ku Dedza akufunsa za maungu akuluakulu aja a mtundu wa Atlantic Giant, amene ku America ndi ku Ulaya amachitira mpikisano. Akuti bwanji amang'aluka mvula ikagwa?

Mayi, maungu amenewo akafika pachimake amawonjezera makilogalamu oposa 10 pa tsiku. Mu 2023 Travis Gienger wa ku Minnesota, ku America, adakolola dzungu lolemera makilogalamu 1,247. Kukakhala ng'amba kenako chimvula n'kubwera, dzungu limamwa madzi mofulumira kuposa mmene khungu lingatambasukire, basi lang'aluka. Ngakhale maungu athu akumudzi amatero. Ndiye kukauma muzithirira pang'onopang'ono, ndipo feteleza musathire mvumbi uli mkati. Maungu akadali aang'ono, ikani mchenga kapena thabwa pansi pake kuti asakhale m'matope. Pamwamba mangani kadenga ka pulasitiki pa timitengo, koma pepalalo lisakhudze dzungu, mphepo izidutsa.

Kalata ya ku Nkhata Bay ndi yaifupi: "Timaungu tikuchita chikasu n'kuthothoka."

Timaungu timatero duwa likapanda kulandira mungu. Njuchi, zomwe zimanyamula munguwo, siziuluka pamvula, achimwene, ndipo duwa la dzungu limatseguka m'mawa umodzi wokha. Thyolani duwa lachimuna, chotsani masamba ake achikasuwo, mupake mungu pakati pa duwa lachikazi, lija lili ndi kadzungu kunsi kwake. Chitani zimenezi nthawi isanakwane 9 koloko m'mawa.

Masamba amadontho achikasu, okhala ndi nkhungu kunsi kwake, dulani kukacha bwino ndipo mukatayire kutali. Za mankhwala a kopa, opopera matenda a nkhunguwa, funsani alangizi, ndipo mukapopera musathyole nkhwani mpaka masiku olembedwa pa paketi atakwana.