Aphunzitsi anga amakhala m'katoni ya makaseti

Moni nonse kumene muli, kaya ku Ndirande, ku Joni, ku Leeds kapena pompano pa Indiana. Mukamva kulirima kumbuyoku musadabwe, ndi hita. Kuno ku South Bend tayandikana ndi Lake Michigan, ndiye mphepo ikachokera kunyanjako imatikhuthulira sinowo ngati tinaiputa dala. Lero yafika m'mawondo.

Ambiri mwakhala mukundifunsa kuti kanyimbo kolira mokoka kamene kamatsegula pologalamu ino amaimba ndani. Ndine ndemwe. Musaseke. Lero ndikuuzani mmene chinabwerera m'nyumba muno chida choimbira chimenechi, chotchedwa steel guitar.

Monga ambiri a ife kuno, ndimagwira ntchito yosamalira okalamba. Kunali agogo ena aamuna amene ndinkawagonera usiku kunyumba kwawo. Tulo analibe. Cha m'ma 2 koloko ankandiitana kuti ndiwaikire nyimbo za country, zomwe zija tinakula nazo pa wailesi ya MBC Lamlungu masana, anthu atabwerako kutchalitchi. Tsiku lina ikulira nyimbo ya Don Williams, ine n'kuyamba kuimbira limodzi. Agogowo anadzuka n'kukhala tsonga, kudabwa kuti munthu wa ku Africa nyimbo imeneyi waidziwira kuti. Ndinawauza kuti kwathu ngakhale kondakitala wa minibasi amaidziwa. Kenako anakweza chala n'kuti ndimvetsere bwino chimene chikulira kumbuyo kwa mawu a woimbayo, chija chimamveka ngati munthu akudandaula chapansipansi. Ine zaka zonsezi ndinkayesa ndi vayolini kapena kiyibodi. Ayi ndithu, ndi steel guitar, ndipo m'nyimbo zambiri zoyambirira za Don Williams amene ankaliza ndi Lloyd Green.

Agogowo anali woimba chidachi paunyamata wawo. Manja anali atauma ndi nyamakazi, koma nyimbo ikamalira zala zakumanja zinkagwedezeka zokha pabulangeti, phazi lakumanzere likuponda chinthu chosaoneka. Ndi iwo amene anandiuza kuti Buddy Emmons, amene oimba ambiri amati panalibe womuposa pa pedal steel, yomwe ndi steel guitar ya mapedulo, anabadwira ku Mishawaka mu 1937. Mishawaka yomweyi imene timakagulako zinthu Loweruka! Ndipo anayamba kuphunzira ali ndi zaka 11 pa sukulu yophunzitsa gitala ya chi Hawaii muno mu South Bend. Ndakhala ndikudutsa m'misewu imeneyi zaka zingapo ndikungoona kuzizira ndi mabilu basi.

Agogo aja atamwalira, mwana wawo wamkazi anandiimbira foni kuti ndipite. Anandipatsa kagitala kakang'ono ka nsambo 6 koika pamiyendo, kamene amati lap steel, ndi katoni yodzadza makaseti ndi mabuku onunkha chinyezi cha m'chipinda chapansi. Anati bambo awo ananeneratu kuti zimenezi zipite kwa ine. Ndinalandira ndi manja awiri, koma mumtima ndikuti nanga makaseti masiku ano ndiwaimbira pati? Wailesi ya kaseti ndinakaipeza m'sitolo ya kaunjika wa kuno, itagona pakati pa mapoto.

Makaseti ambiri anali a Jeff Newman, mkulu amene anali ndi sukulu yake ya pedal steel kufupi ndi Nashville, kuchimake kwa nyimbo za country, ndipo anagulitsa maphunziro ake m'makaseti ndi mavidiyo kwa anthu ambirimbiri amene sanamuonepo n'komwe. Anamwalira mu 2004 pa ngozi ya kandege kakang'ono. Ndiye taganizani, ine ndachoka kushifiti 7 koloko m'mawa, maso ali gwa, ndakhala pamphepete pa bedi, ndipo munthu amene anatisiya kalekale akundilankhula modekha ngati tili limodzi pakhonde.

Apa ndiye panali chisokonezo chimene ndimachita nacho manyazi mpaka lero. Kasetiyo ikunena za nsambo ya nambala 8 ndi ya 10, ine ndikuwerenga zanga zikuthera pa 6. Ikunena zoponda pedulo A ndi B, ine ndikusuzumira pansi pa bedi. Ndinatha masabata ndikuganiza kuti Chingerezi changa ndiye chaperewera, osadziwa kuti maphunzirowo ndi a chida china. Lap steel ndi mayi, pedal steel ndi mwana amene anakula kuposa mayi ake. Pedal steel imaima pamiyendo inayi ngati tebulo la telala, nthawi zambiri imakhala ndi nsambo 10, mapedulo atatu oponda ndi phazi lakumanzere, ndi tizitsulo tina tolendewera tokankha ndi mawondo. Ukaponda kapena kukankha, nsambo zina zimakokeka, zina zimamasuka, mawu n'kusintha dzanja lisanasunthe. Kulira kokoka kuja kumachokera pamenepo. Anthu anakumva bwino koyamba mu nyimbo ya Webb Pierce yotchedwa Slowly, pamene Bud Isaacs anaponda pedulo nsambo zikulirabe, ndipo akuti oimba ambiri a ku Nashville anathamangira kukaikitsa mapedulo pa magitala awo.

Ndinayamba kaye ndi kakang'ono kaja. Ndinakachuna mmene amati C6, kuyambira nsambo yaikulu: C, E, G, A, C, E. M'katoni muja munalinso ma DVD a Cindy Cashdollar, mayi wodziwa kwambiri steel yopanda mapedulo, ndi nyimbo za Jerry Byrd, mkulu wa ku Ohio amene anasamukira ku Hawaii n'kukaphunzitsa ana a komweko chida chimene makolo awo anayambitsa. Pajatu chinachokera kumeneko. Amati Joseph Kekuku, mnyamata wa pachilumba cha Oahu, cha m'ma 1889 anayendetsa kachitsulo pansambo za gitala n'kumva kukoma.

Chimene chimavuta pa chida ichi ndi chakuti sumadinikiza nsambo ndi zala. Dzanja lamanzere limagwira kachitsulo kolemera, kosalala, kotalika ngati chala, n'kumakatsetsereka pamwamba. Mizere imene ili pansi pa nsambo ndi yongojambula, yongokulozera njira. Kachitsuloko kayenera kukhala pamwamba penipeni pa mzere. Ukapitirira pang'ono, kapena ukapendeketsa mosadziwa, chimene chimatuluka ndi mphaka wopondedwa mchira. Kudzanja lamanja umavala zikhadabo zitatu, chapulasitiki kuchala chachikulu, zachitsulo kuzala ziwiri. Sabata yoyamba zimaluma mpaka zala kufiira. Ndipo kuliza nsambo si nkhani; nkhani ndi kuikhazika chete. Ukaliza ina, yoyamba ija uyenera kuitseka ndi m'mphepete mwa chikhatho, apo ayi zonse zimangolira pamodzi ngati msonkhano wopanda wapampando. Zimenezi zokha zinandidyera miyezi.

Mphunzitsi wa m'kaseti ndi wabwino kuposa aphunzitsi onse amene ndinakumana nawo kupulayimale. Sakwiya. Umubwezeretse kumbuyo makumi awiri, abwerezanso ndi mawu omwewo, mtima womwewo. Amaimba kachigawo pang'onopang'ono, kenako mwamsanga, kenako amakusiyira bandi yokha ikulira kuti ulowepo wekha. Koma ali ndi chilema chimodzi chachikulu: samakumva. Ungalakwitse chotani, iye amangopitirira kuphunziro lotsatira. Ndinatha nthawi yaitali ndikudziyesa katswiri, mpaka tsiku limene ndinadzijambula pafoni n'kumvetsera ndili m'galimoto. Amayi! Ndinazimitsa ndisanafike pa maloboti. Noti iliyonse inali pansi pang'ono, chifukwa ndikakhala ndimayang'ana kachitsulo chammbali, diso n'kundinamiza kuti ndafika pamzere ndisanafike. Kuyambira pamenepo ndimajambula chilichonse, ndimvetsere, ndiyerekeze ndi kaseti. Nthawi zina ndimazimitsa getsi n'kuimba mumdima kuti khutu ligwire ntchito lokha.

Ena amandiuza kuti bwanji osangopita pa YouTube kapena kulipira maphunziro a pa intaneti monga a katswiri wa pedal steel Paul Franklin. Ndimaonera ndithu, ndipo ndi abwino. Koma pa intaneti ndimadumphadumpha ngati chiwala, uku pang'ono uku pang'ono. Kaseti imakukakamiza kuyenda nayo. Komanso m'mabuku aja muli zolemba za agogo aja ndi pensulo m'mphepete: apa anazunguliza, apa analemba deti, apa anangoika chizindikiro chofunsa katatu. Pamene iwo anakakamira, inenso ndimakakamira pomwepo.

Pedal steel yeniyeni ndinaigula chaka chatha, yakale, kwa bambo ena amene msana unawakanika kuinyamula. Ndalama yake musandifunse, achibale kumudzi akumvetsera. Usiku woyamba ndinaika kachitsulo pamzere wachitatu, G n'kulira. Ndinaponda mapedulo awiri aja pang'onopang'ono, G uja n'kukwera yekha kukhala C dzanja lili pomwepo. Ndinakhala duu. Ndinakumbuka phazi la agogo aja pansi pa bulangeti.

Ndinajambula kachigawo n'kutumizira amalume anga ku Chileka pa WhatsApp, ndikuganiza kuti ndiwaonetsa zachilendo za ku America. Yankho linabwera m'mawa mwake, nkhuku zikulira kumbuyo kwa mawu awo. Anaseka kaye, kenako anati, "Mphwanga, wapita kutali konseko kukaphunzira hauyani?" Anandiuza kuti iwo ali ana, anthu ankagoneka gitala pamiyendo, kukweza nsambo, n'kumayendetsapo kabotolo, ndipo anatchula a Ndiche Mwarare amene anatchuka ndi kaimbidwe kameneka. Hauyani, ndiye kuti Hawaiian. Ine kubadwa konseku mawuwa ndinali ndisanawamve. Ndinawafunsa ngati angakumbuke machunidwe ake. Anati dikira, n'kuyamba kung'ung'udza nsambo imodziimodzi ndi pakamwa, akutsokomola pakati, azakhali akuwakalipira chapatali kuti phala likuzizira. Uthenga umenewo ndinausunga malo atatu. Tsopano nawonso alowa m'gulu la aphunzitsi anga obwezeredwa kumbuyo, kungoti awa ndikawatumizira zanga amayankha, ndipo sanyengerera. Sabata yatha anati ndikuthamanga ngati ndaba.

Kagitala kakang'ono kaja ndakachuna motsatira kung'ung'udza kwawo, ndipo ndi kamene kali pamiyendo panga panopa. Mnzanga wa chipinda chapamwamba wapita kuntchito, ndiye palibe wogogoda pansi ndi tsache. Shifiti yanga ikuyamba 7 koloko ndipo galimoto ndiyenera kuifukula kaye mu sinowo. Tatsala ndi mphindi zitatu. Amalume, ngati mukumva, ndayesetsa kuchepetsa liwiro. Tamverani.