Nyenyezi zambiri m'mwambamu ndi zimene maso athu saziona

Zikomo a mfumu, zikomo amayi ndi abambo, ndi inu achinyamata muli kumbuyoko. Sunthirani kuno pang'ono kuti ndisachite kukuwa.

Ndiyambe ndi funso. Kupatula Dzuwa, ndi nyenyezi iti imene tayandikana nayo kwambiri? Ndamva wina akuti Nthanda. Ayi mayi, Nthanda ndi pulaneti ngati dziko lathuli, asayansi amaitcha Venus, ndipo kuwala kwakeko n'kobwereka kwa Dzuwa. Yankho ndi Proxima Centauri. Koma ngakhale mutatuluka usiku wopanda mwezi, mdima uli bii, simungaione ndi maso. Anaipeza ndi Robert Innes mu 1915, ku Johannesburg, poyerekeza zithunzi za kumwamba zojambulidwa pa nthawi zosiyana. Kuwala kumathamanga makilomita 300,000 pa sekondi imodzi, komabe kuti kuchoke kumeneko n'kudzafika kuno pamapita zaka 4 ndi miyezi pafupifupi 3. Imeneyo ndiye yapafupi.

Nanga isaoneka bwanji? Ndi yaing'ono, yofiira, ndiponso siitentha ngati Dzuwa. Mutaphatikiza nyenyezi 8 zoterezi m'pamene zingafanane ndi Dzuwa polemera. Akatswiri a zakuthambo amazitcha ma red dwarf, ndipo pa nyenyezi 4 zilizonse za mu Mlalang'amba, pafupifupi 3 ndi za mtundu umenewu. Zowala zimene timaloza usiku zija n'zochepa kwambiri, zimangotchuka chifukwa choonekera patali.

Nyenyezi imawala chifukwa pakati pake pamakhala kupanikizana ndi kutentha koopsa, moti mpweya wa haidirojeni umasanduka hiliyamu n'kutulutsa mphamvu. Nyenyezi yaikulu ili ngati moto wa udzu: umalilima, aliyense n'kuuona, posakhalitsa wazima. Red dwarf ndi moto wa chitsa, umangonyeka pang'onopang'ono. Dzuwa lathu lili ndi zaka 4.6 biliyoni ndipo latsala pang'ono kufika theka la moyo wake, pomwe tinyenyezi tating'ono kwambiri tingathe kuyaka zaka mathiliyoni. Chilengedwe chonse chili ndi zaka pafupifupi 13.8 biliyoni, kutanthauza kuti palibe red dwarf ngakhale imodzi imene yafa ndi ukalamba.

Tsopano titsike pansi pake. Chinthu chikapangika ngati nyenyezi koma kulemera kwake n'kuperewera, moto wa haidirojeni uja sugwira. Chimabadwa chotentha, kenako n'kumangozirala mpaka kalekale. Zimenezi ndi ma brown dwarf, ndipo zimalemera kuwirikiza 13 mpaka cha m'ma 75 kuposa pulaneti ya Jupiter, ngakhale kuti msinkhu wake sizisiyana kwenikweni ndi Jupiter yemweyo. Shiv Kumar anawerengera masamu ake mu 1962 n'kunena kuti zinthu zotere ziyenera kukhalapo, koma panapita zaka zoposa 30 anthu akufufuza osapeza yotsimikizika.

Mukudziwa kumene anakaipeza? Mu Nsangwe, gulu la nyenyezi limene agogo athu ankalidziwa bwino lomwe. Anasankha kumeneko mwadala, chifukwa nyenyezi za mu Nsangwe ndi zanthete, zaka zake zangopitirira pang'ono 100 miliyoni, choncho brown dwarf ya kumeneko imakhala isanazirale ndipo imaoneka pa telesikopu. Mu 1995 gulu la Rafael Rebolo, pa chilumba cha Tenerife, linalengeza za imodzi n'kuitcha Teide 1. Umboni wake ndi umene umandisangalatsa. Nyenyezi yaing'ono yeniyeni imatentha mkati mokwanira kuwononga lithium yense amene inabadwa naye, lithium yemwe uja ali m'mabatire a mafoni anuwo. Atasanthula kuwala kwa Teide 1 anapeza lithium akadalimo. Ndiye kuti mkati mwake simunafikepo pa kutentha kwa nyenyezi.

Chaka chomwecho cha 1995, Michel Mayor ndi Didier Queloz a ku Switzerland anapeza pulaneti yoyamba yozungulira nyenyezi yonga Dzuwa, 51 Pegasi b, ndipo mu 2019 analandira nayo mphoto ya Nobel. Lero mapulaneti odziwika a kunja kwa banja la Dzuwa aposa 5,000.

Mnyamata uyo akufunsa kuti amawaona bwanji. Ambiri sawaona n'komwe, amayang'ana nyenyeziyo. Pulaneti ikamazungulira imakoka nyenyezi yake pang'ono, nyenyeziyo n'kumagwedera, ndipo kugwederako kumadziwika pa kuwala kwake. Njira ina ndi kudikira kuti pulaneti idutse kutsogolo kwa nyenyezi. Kuwala kumachepa pang'ono kwa kanthawi, n'kubwerera, ndipo zikamabwerezeka pa masiku ofanana amadziwa kuti pali chinachake chikuzungulira. Apa m'pamene tinyenyezi tonyozeka tija tapezera ulemu. Nyenyezi yopepuka imagwedera kwambiri, ndipo yaing'ono imaphimbika kwambiri.

Chitsanzo chabwino ndi TRAPPIST-1, imene kuwala kwake kumatenga zaka pafupifupi 40 kuti kutifike. Kukula kwake yangoposa Jupiter pang'ono. Pulaneti ya msinkhu wa dziko lathu ikadutsa kutsogolo kwake, gawo la kuwala limene imatchinga limakula kuwirikiza pafupifupi 70 kuposa mmene zikanakhalira pa Dzuwa. Gulu la Michaël Gillon, wa ku yunivesite ya Liège ku Belgium, linalengeza mu February 2017 kuti nyenyeziyi ili ndi mapulaneti 7, onse a msinkhu woyandikira wa dziko lathu. Ndi othithikana zedi. Yamkati imamaliza ulendo wake wozungulira pa tsiku limodzi ndi theka, yakunja kwenikweni pa masiku pafupifupi 19. Kumeneko mwana wa sabata zitatu angakhale atakwanitsa chaka. Nayonso Proxima Centauri ili ndi pulaneti yake, Proxima b, imene inalengezedwa mu 2016, ndipo chaka chake ndi masiku 11.

Ndikudziwa chimene chili m'mitima mwanu: kodi kuli anthu? Palibe amene wapeza chamoyo chilichonse kunja kwa dziko lathu, ndipo mukamva wina pa Facebook akunena kuti apeza dziko lachiwiri, muzimufunsa kuti mpweya wake anauyeza ndani. Zoona, ena mwa mapulanetiwa ali pa mtunda umene madzi angathe kukhala osauma ndiponso osaundana. Koma poti nyenyezi yake ndi yozizira, mtunda umenewo uli pafupi kwambiri, ndipo kuyandikirako kuli ndi mavuto ake. Pulaneti yotere nthawi zambiri imalozetsa mbali imodzi yokha ku nyenyezi, kwina usana wosatha, kwina usiku wosatha. Komanso ma red dwarf ambiri ndi aukali, amatulutsa malawi adzidzidzi amene m'kupita kwa nthawi angathe kukokolola mpweya wokuta pulaneti.

N'chifukwa chake telesikopu ya James Webb, imene inatumizidwa m'mlengalenga pa 25 December 2021, yathera nthawi yambiri pa TRAPPIST-1. Mu 2023 inayeza kutentha kwa pulaneti yamkati ija, ndipo zotsatira zake zinaonetsa kuti mwina ndi thanthwe lopanda mpweya wochindikala. Imeneyo inali yoyandikira kwambiri, anthu sanadabwe kwenikweni. Chidwi chili pa zapakati, makamaka TRAPPIST-1 e. Ntchitoyo ikuyenda pang'onopang'ono chifukwa nyenyeziyo ili ndi mawanga pankhope pake, ndipo mawangawo amasokoneza kuwala kumene asayansi akufuna kuwerengamo mpweya wa pulaneti. Choncho amayenera kuonerera pulanetiyo ikudutsa kambirimbiri kuti alekanitse za nyenyezi ndi za pulaneti.

Bambo akwezera dzanja kalekale kumbuyoko, tiyeni tiwamve.