Mchere pa mbaula, laser mu labu

(Kamera ili pa mbaula yoyaka)

Moni nonse, lero tili ku Chiputula kuno ku Mzuzu. Taonani, ndikuwaza kamchere pamoto. Mwaliona lawi lachikasulo? Ameneyo ndi sodium wa mumcheremu. Kaya ali pambaula kaya padzuwa, chikasu chake n'chimodzimodzi, pa mananomita 589 (nanomita ndi muyezo wa kutalika kwa funde la kuwala, umene umasonyeza mtundu wake). Chinthu chilichonse chili ndi mitundu yakeyake ya kuwala imene chimatulutsa kapena kumeza, ngati chidindo cha chala. Kuwerenga zidindo zimenezi ndiye spectroscopy. Mpweya wa helium anthu anayamba kuuona chonchi padzuwa mu 1868, pansi pano n'kudzaupeza mu 1895.

Nanga laser ikubwera pati? Tochi imamwaza mitundu yambirimbiri nthawi imodzi, pomwe laser imatulutsa mtundu umodzi wokha. Mukawalitsa laser mu mpweya n'kumasintha mtunduwo pang'onopang'ono, pamene kuwala kwachepa mwadzidzidzi ndi pomwe mpweyawo wameza. Mwachitsanzo, mpweya wa methane umameza cha pa mananomita 1,650, kuwala komwe diso silikuona n'komwe.

(Chithunzi cha tebulo la mu labu, timagalasi tili ndandanda)

Tsono wachinyamata amene wangoyamba kumene ntchito ya fizikisi amatha masiku ake patebulo ngati ili. Ine apa ndiye pamandigwira mtima. Ntchito yake yaikulu ndi yoti laser ikhazikike. Kachipangizo kotulutsa kuwalako kakangofunda pang'ono, mtundu wasuntha kale. Mukukudziwa kuzizira kwa m'mawa wa June kuno, masana n'kudzafunda. Laser imazimva zonsezo. Lole ikadutsa pa M1, timagalasi tanjenjemera. N'chifukwa chake tebulolo limakhala lolemera, lokhazikika pa miyendo ya mpweya. Mwiniwake wavala magalasi oteteza maso, akupotokola kasikuluwu ka kagalasi kamodzi mpaka kadontho ka kuwala kagwe pamalo pake. Kenako kagalasi kachiwiri.

Musawaderere oyamba kumenewa. Mu 1985 Donna Strickland anali akadali wophunzira pa University of Rochester pamene iye ndi Gérard Mourou anapeza njira yotambasula kuthwanima kwa laser, kukuwonjezera mphamvu, n'kukufinyanso, popanda kuotcha chipangizo. Mphoto ya Nobel anadzalandira mu 2018.

Sungani CD yakale ndi kakatoni. Mu vidiyo yotsatira tidzapanga chathuchathu choonera mitunduyi, tidzayambe ndi babu la m'nyumba mwanu.