Wopinda Maparachuti Amamva Zambiri

Moni nonse amene mukundimvetsera, kaya muli kumudzi, kaya muli kuno ku Joni, kaya muli kutsidya kwa nyanja. Lero ndikujambula mawu ano ndili m'shedi momwe ndimagwirira ntchito, choncho mukamva malata akulira musadabwe, ndi mphepo ya mu Ogasiti imene yatiletsa kuulutsa ndege tsiku lonse. Ambiri mwakhala mukufunsa za ntchito yanga, popeza ndikanena kuti ndimapinda maparachuti ena amaganiza kuti ndimakonza maambulera. Ndimagwira ntchito pabwalo laling'ono la ndege kumadzulo kwa Johannesburg, m'dera la migodi ya golide, komwe anthu amabwera Loweruka ndi Lamlungu kudzalipira ndalama kuti akwere ndege n'kudumpha isanatere.

Kwathu ndinali telala. Nditafika kuno ndinayamba ndi kutchetcha udzu, monga mmene Amalawi ambiri timayambira, mpaka tsiku lina mkulu amene amasoka ndi kuyeza zida za odumpha anandiona ndikusoka chikwama chong'ambika, nandiitana kuti ndiphunzire kupinda. Ntchitoyi imayamba ndi kuyala parachuti pansi n'kuyendetsa zala m'zingwe zonse kuti uone ngati sizinapiringizane, kenaka umakonza nsaluyo chigawo ndi chigawo, kuifinya kuti mpweya utuluke, kuilowetsa m'kathumba, kumanga zingwe ndi timalabala, n'kutseka chikwama ndi kachitsulo kakang'ono kopindika. Parachuti yatsopano imaterera ngati mlamba, moti masabata oyamba ndinkatuluka thukuta ngati wolima dambo. Parachuti yachiwiri, imene munthu amatsegula yoyamba ikakanika, ine sindiigwira, chifukwa imeneyo imapindidwa ndi munthu wa chiphaso chapadera.

Chimene ndikufuna kukusimbirani ndi zimene zimachitika ndege ikatera komaliza, dzuwa litalowa, moto wa braai, wowotchera nyama, utayaka. Wopinda maparachuti ali ngati wometa tsitsi, anthu amaiwala kuti ali ndi makutu.

Pali akuluakulu angapo amene anayamba kudumpha m'zaka za m'ma 1970, ndipo mmodzi mwa iwo tonse timangomutchula kuti Oom, mawu a Chiafrikaans olemekezera bambo wachikulire. Iwowa akayamba kukumbuka zakale, nyama imapserera pamoto. Amasimba za maparachuti ozungulira ngati bowa, otsala kwa asilikali, amene ankawadula mabowo kumbuyo kuti aziwongoleka pang'ono, ndipo amati kutera nawo kunali ngati kudumpha kuchokera padenga la nyumba, n'chifukwa chake ambiri a iwo amayenda motsimphina. Parachuti yachiwiri ankaimangirira pamimba. Yoyamba ikasokonekera, ankalimbana ndi zitsulo ziwiri za pamapewa ndi manja onse awiri uku akugwa, mpaka pamene Bill Booth wa ku America anatulukira njira ya mphete zitatu, imene munthu amangokoka chogwirira chimodzi parachuti yoipayo n'kuchoka. Amatsutsana ngati kudumpha kwa anthu awiri omangirirana, kumene kunayamba mu 1983, kunapulumutsa masewerawa pobweretsa ndalama za alendo kapena kunawasandutsa msika. Amatsutsananso za kamakina ka CYPRES, kamene kanatuluka ku Germany mu 1991, kamene kamatsegula kokha parachuti yachiwiri munthu akafika pafupi ndi nthaka akadagwabe mothamanga. Oom amati poyamba ankakanyoza, ankati mwamuna weniweni amakoka yekha, koma atawerenga anzake amene anawaika m'manda kamakinako kasanabwere, anakagula osauza munthu.

Mayina a akufa samasowa pamoto umenewo. Chimene chinandidabwitsa kwambiri n'chakuti wodumpha mnzawo akamwalira, ena amawotcha mtembo, anzake n'kukwera ndi phulusa m'ndege, kugwirana manja m'mlengalenga n'kulimwaza. Ine mwana wa kwathu, komwe manda ali ndi msitu wake ndipo adzukulu amadziwa pamene aliyense anagona, ndinasowa tulo usiku umenewo. Ndinafunsa Oom kuti nanga ana ake azikalira kuti, iye anangoloza kumwamba ndi botolo lake.

Nkhani za ndale zimalowa mwakachetechete. Wina amangodandaula za mtengo wa mafuta a ndege, wina n'kuonjezapo za maenje a mumsewu, wina za zaka zimene Eskom inkazimitsa magetsi maola ambiri patsiku, ndipo posakhalitsa afika pa chisankho cha mu Meyi 2024, pamene ANC inapeza mavoti pafupifupi 40 pa 100 alionse n'kukakamizika kupanga boma ndi zipani zina, kuphatikizapo DA. Achikulire ena amati dziko linawonongeka, achinyamata amayankha kuti linali labwino kwa anthu ochepa okha, ndipo dokotala wina wamkazi wachikuda, amene amadumpha bwino kuposa amuna ambiri pano, anawakumbutsa kuti m'masiku amene iwo akuwasirirawo bambo ake sakanaloledwa ngakhale kumwa madzi pa bala ya kalabu ngati ino. Ndinaona kuti sakananena za masewerawa popanda kunena za dziko, chifukwa ambiri mwa akuluakuluwa anaphunzira kudumpha ku usilikali, ku 1 Parachute Battalion ya ku Bloemfontein, pa nthawi imene mnyamata aliyense wachizungu ankakakamizidwa kulowa usilikali, ndipo kuyambira mu 1977 ankakhalako zaka ziwiri.

Usiku umene sindidzauiwala ndi umene mawu akuti Cassinga anatchulidwa. Pa 4 Meyi 1978 asilikali a South Africa anadumpha ndi maparachuti pamalo otchedwa Cassinga, kum'mwera kwa Angola, ndipo anthu pafupifupi 600 a ku Namibia anaphedwa. Asilikaliwo amati inali kampu ya nkhondo ya SWAPO, gulu limene linkamenyera ufulu wa Namibia, pamene SWAPO imati inali kampu ya othawa kwawo, modzaza amayi ndi ana. Mkulu wina ankayamikira luso la kudumpha kwa tsiku limenelo, mmene ndege zinaulukira motsika, mmene ena anagwera m'mitengo ndi kutsidya kwa mtsinje, akusimba ngati mpira wa chikho. Pamenepo mnyamata wina wophunzitsa kudumpha, amene anachokera ku Swakopmund m'dziko la Namibia, anaika mbale yake pansi n'kunena mofatsa kuti kwawo tsiku limenelo ndi la tchuthi chokumbukira ophedwawo, ndipo azakhali ake sanabwereko ku Angola. Panakhala chete moti tinkamva nkhuni zikuthetheka. Palibe anapepesa, ndipo palibe anachoka.

M'mawa mwake ndinapinda maparachuti a onse awiri, ndipo ndinawaona ali pamzere wokwera ndege, mnyamata uja akutsegula chivundikiro cha chikwama cha mkuluyo kuti aone ngati kachitsulo kali m'malo mwake, mkuluyo n'kutembenuka kumuchitira chimodzimodzi, monga mwa lamulo la odumpha. Musandimve ngati ndikunena kuti anagwirizana, chifukwa mpaka lero sakhala mbali imodzi ya moto. Ndikungonena zimene maso anga anaona.

Tsono nkhani ya ife obwera nayonso imafika. Tsiku lina wina anati alendo adzaza dziko, akulanda ntchito ndi mabedi a m'zipatala, ndipo atazindikira kuti ndili pomwepo ndikutembenuza nyama, anafulumira kunena kuti sakunena ine, Amalawi ndi anthu abwino, okhulupirika, osayankha mwano. Abale anga, chiyamikiro chimenechi mudachimvapo nonse amene mumagwira ntchito m'mayadi a kuno, ndipo mukudziwa mmene chimawawira, chifukwa tanthauzo lake n'lakuti ndife abwino malinga ngati tili chete. Mu Meyi 2008, pamene anthu 62 anaphedwa pa zipolowe zothamangitsa alendo zimene zinayambira ku Alexandra, palibe amene ankafunsa ngati munthu ndi wokhulupirika, ndipo mu 2015 boma la kwathu linachita kutumiza mabasi kudzatenga anthu ku Durban. Oom anaonjezapo kuti Kamuzu Banda anali bwenzi la dziko lino, kuti anatsegula ubale wa ukazembe mu 1967 pamene mayiko ena a mu Africa ankakana, ndipo anadzacheza kuno mu 1971. Zonsezo ndi zoona, ndipo ngongole ya South Africa inathandiza kumanga likulu la Lilongwe, koma ine ndinaona kuti nthawi yanga yolankhula yakwana.

Ndinawafunsa ngati amadziwa za ndege ya ku Francistown. Anthu amene amadziwa mtundu wa injini ya ndege pongomva kulira kwake, amene amakumbukira ngozi iliyonse ya wodumpha kuyambira kalekale, anayang'anana osayankha. Ndinawauza kuti pa 4 Epulo 1974 ndege ya mtundu wa DC-4 ya Wenela, bungwe limene linkalemba anthu ntchito za m'migodi, itanyamula anthu ogwira ntchito m'migodi amene ankabwerera kumudzi, inagwa itangonyamuka ku Francistown m'dziko la Botswana, ndipo Amalawi oposa 70 anafera pomwepo, atamaliza kontirakiti, katundu wa ana awo ali m'masutikesi. Ndinawauza kuti ngozi imeneyo ndi imene inachititsa Kamuzu kuletsa Wenela kulemba anthu ku Malawi, ndipo amuna zikwizikwi anabwerera kwawo. Mmodzi mwa iwo anali agogo anga, amene anagwira ntchito pansi pa nthaka ya dera lomwe lino, nabwerera ndi njinga, bulangete lolemera ndi chifuwa chimene sichinawasiye mpaka imfa. Ndinati kwa Oom: "Bambo, ife ndege tinayamba kukwera kalekale, kungoti sankatipatsa parachuti." Ena anaseka, kenaka anazindikira kuti si nthabwala.

Oom sananene kanthu usiku umenewo, koma Loweruka lotsatira anandipeza ndili chogwada pa kapeti nandiuza kuti walipira malo anga m'ndege, chifukwa si bwino kuti munthu apinde maparachuti zaka zonsezi osadziwa chimene chimachitika akatseguka. Mtima wina unkandiuza kuti ndikane, popeza mphatso yotere imatha kukhala njira yotsekera munthu pakamwa, komabe ndinavomera, ndipo ndikuvomereza pamaso panu kuti chidwi chinaposa kunyada.

Odumpha amayeza kutalika m'mafiti, ndipo tinakwera mpaka mafiti pafupifupi 11,000, amene ndi makilomita atatu ndi pang'ono. Anandimangirira kwa mnyamata wa ku Swakopmund uja. Chitseko chitatseguka mphepo yozizira inandimenya kumaso, miyendo inalendewera kunja, ndipo ndisanamalize pemphero tinali titagwa kale. Munthu amagwa pa liwiro la makilomita pafupifupi 200 pa ola, koma sumva ngati ukugwa, umamva ngati wagonera mphepo yolimba imene ikukukankha pachifuwa, masaya akugwedezeka, phokoso lili ngati la chigayo. Patapita masekondi osakwana 40 ndinamva kukoka kwamphamvu m'ntchafu, phokoso lonse linatha, ndipo chinthu choyamba chimene ndinachita, mwa chizolowezi cha ntchito, chinali kuyang'ana kumwamba n'kuwerenga zingwe.

Kenaka ndinayang'ana pansi. Ndinaona milu yachikasu ya dothi la m'migodi, nsanja za zikepe zotsikira pansi, ndi mizere ya nyumba zakale za makomponi. Mnyamata uja anandilozera mbali imene kuli Mponeng, mgodi wozama kuposa yonse padziko lapansi, umene umafika pafupifupi makilomita anayi pansi. Ndinayamba kuwerengera mumtima kuti mtunda umene ine ndinakwera m'mwamba ndi wofanana ndithu ndi umene amuna a m'migodi yozama ya kuno amatsika m'mawa uliwonse, ndipo agogo anga ankatsika m'chikepe chodzaza anthu, mumdima, kukatentha ngati m'ng'anjo, pamene mdzukulu wawo ndinali kulendewera pamwamba pa malo omwewo ngati kabawi. Ndinawatchula dzina lawo mokweza, mnyamatayo anaganiza kuti ndikukuwa ndi chisangalalo.

Mwambo wa odumpha umati aliyense wochita chinthu koyamba agule kireti ya mowa. Ine sindimwa, choncho ndinagula ya zakumwa zoziziritsa kukhosi, ndipo Oom anadandaula usiku wonse kuti masewerawa aonongeka, uku akumwa botolo lachiwiri. Mkangano wa tsiku limenelo unali wa malo, za amene ayenera kukhala mwini minda ya dziko lino, ndipo unafika mpaka pakati pausiku. Ine ndinawasiya akadakangana, chifukwa panali maparachuti asanu ndi awiri ondidikira pa kapeti, ndipo ndege yoyamba inali kunyamuka 8 koloko m'mawa.