Wa Kamera Akalowa Nkhani za Ndale: Zimene Zinakambidwa ku Komboni ya Mtendere, Lusaka

Zikomo atcheyamani, amayi ndi abambo nonse. Inu achinyamata mwaunjikana kumbuyoko, senderani kuno, mabenchi alipo. Nkhaniyi eni ake ndinu.

Nonse mwamva za mwana wathu uja amene amatijambula pa ma kitchen party ndi pa maukwati. Dzina sinditchula, makolo ake tili nawo muno. Sabata yatha analandira call-out, kalata yomuitana kupolisi, chifukwa cha vidiyo ya masekondi 40. Anapita ku msonkhano wa ndalama za pamsika, ndipo mkulu wina anaimirira nkunena kuti, "Anthu akuti ndalama ndadya ine, koma mabuku ndi awa." Mnyamatayo anadula kutsogolo, nadula kumbuyo, panatsala mawu akuti "ndalama ndadya ine". Anaikapo kanyimbo nkuponya pa Facebook. Atafunsidwa kuti vidiyo yonse yosadula ili kuti, anati anaifufuta kuti memory card ipeze malo a ukwati wa Loweruka. Apo ndiye panagona vuto. Choncho mawu anga lero ndi amodzi, ndipo ndiwabwereza mpaka mutope nawo: musatulutse chinthu chimene umboni wake mulibe m'manja.

Sindinabwere kudzakuletsani ndale, ayi. Constitution yathu ya Zambia, pa Article 20, imapatsa aliyense ufulu wolankhula, ndipo komboni yopanda woijambula ngalande zake zikatsekeka imaiwalika. Komanso kuchoka ku mafilimu nkupita ku nkhani za ndale si njira yachilendo. Ku America kuli mayi wina dzina lake Jane Hamsher. Iye ndi mnzake Don Murphy anatenga ufulu wa nkhani imene analemba Quentin Tarantino, nkuipititsa kwa wotsogolera mafilimu Oliver Stone, ndipo mu 1994 filimu ya Natural Born Killers inatuluka. Pa filimuyo mayiyu anali producer. Patapita zaka khumi, mu 2004, anatembenukira ku kulemba za ndale pa intaneti, nayambitsa webusaiti yotchedwa Firedoglake, imene inayenda mpaka 2015.

Tsono mumvetse ntchito ya producer, chifukwa ambiri mumaganiza kuti ndi uja wogwira kamera. Producer ndi munthu wa mapepala. Amafunsa kuti nkhaniyi mwini wake ndani, anasaina? Nyimbo iyi tinalipira? Munthu akuoneka apayu anavomera? Ndalama zachokera kwa yani, ndipo akufuna chiyani? Filimu situluka funso lililonse lisanapeze pepala lake. Luso limeneli linaoneka mu 2007, pa mlandu wa Scooter Libby, amene anali mkulu wa ofesi ya wachiwiri kwa pulezidenti, Dick Cheney. Mayiyu anakonza zoti anthu ake, mmodzi mwa iwo Marcy Wheeler, azikhala kubwalo la milandu ku Washington tsiku ndi tsiku, nkumalemba zimene mboni ikunena nthawi yomweyo. Sanalembe za "akuti akuti". Analemba zimene makutu awo anamva, ndipo ngakhale atolankhani akuluakulu ankawerenga zolemba zawozo.

Koma munthu yemweyo anapunthwa, ndipo anapunthwa pa chithunzi. Mu Ogasiti 2006, ku Connecticut kunali chisankho cha m'chipani cha Democratic pakati pa Senator Joe Lieberman ndi Ned Lamont. Mayi Hamsher anali mbali ya Lamont. Pa nkhani imene analemba anaikapo chithunzi chosinthidwa pa kompyuta, chosonyeza Lieberman atapakidwa nkhope yakuda, chinthu chimene ku America ndi chipongwe chachikulu kwa anthu akuda. Anachichotsa nkupepesa, koma anthu anali atachiona kale, ndipo Lamont yemwe ankamuthandizayo ndi amene anayamba kuvutika kuyankha atolankhani masiku ochepa chisankho chisanachitike. Mukuona? Munthu wodziwa ntchito, wa ku Hollywood, anagwa pa chinthu chimene ana athu amachita pa foni mphindi ziwiri. Wodziwa kudula ndi kusintha zithunzi ali ndi mpeni wakuthwa kuposa anzake, ndiye ayenera kusamala kuposa anzake. Musasinthe chithunzi cha munthu. Musatulutse chimene umboni wake mulibe m'manja.

Ndipo makolo, nanunso ndikudzudzuleni pang'ono. Mwana akaponya vidiyo yonyoza munthu, ndinu oyamba kuitumiza ku gulu la WhatsApp la kwaya ndi la chilimba, nkumati mwana wanga watchuka. Pali mayi wina ku Kalingalinga anatumiza ku gulu la tchalitchi chithunzi cha nyumba yokugwa ndi mvula, ati ndi cha ku Kanyama dzulo, anthu mpaka anayamba kusonkha. Chithunzicho chinali cha dziko lina, cha zaka zapitazo. Akanachiika pa Google Lens, mphindi imodzi yokha akanadziwa.

(Mayi wina anaimirira: "Pepani abambo, ndifunseko. Si paja boma linachotsa lamulo lija lomanga anthu chifukwa chonyoza? Nanga mwanayu amuitaniranji? Komanso wanga anangotumiza chabe, sanajambule ndi iye.")

Zikomo amayi, khalani pansi. Funso limeneli ambiri muli nalo, ndiye ndilitenge bwinobwino. Pa malamulo a za kunyoza, chimene chinachotsedwa ndi chimodzi chokha: Section 69 ya Penal Code, buku la malamulo a milandu, imene inali mlandu wonyoza Pulezidenti. Pulezidenti Hakainde Hichilema anasaina kuchotsedwa kwake mu Disembala 2022, nthawi imodzi ndi chilango cha imfa. Malamulo enawo sanakhudzidwe. Section 191 ya buku lomwelo imanena za libel, kuipitsa dzina la munthu wina aliyense kudzera m'zolemba kapena zithunzi, kaya ndi khansala, kaya ndi tcheyamani wa pamsika, kaya ndi aneba anu. Section 70 imanena za kuonetsa chidani kapena kunyoza anthu chifukwa cha mtundu wawo kapena kumene amachokera, ndipo chilango chake chimafika zaka 2 m'ndende. Apa ndi pamene achinyamata ambiri amagwera, chifukwa mkangano wa ndale ukatentha mawu amathamangira ku "inu a mtundu wakuti". Palinso Section 57, ya kuutsa anthu kuti aukire boma. Pamwamba pa zonsezi, lamulo la za intaneti la 2021 linalowedwa m'malo mu Epulo 2025 ndi malamulo awiri, Cyber Security Act ndi Cyber Crimes Act, ndipo kuzunza munthu pa intaneti ndi mlandu. Ngakhale apolisi asalowepo, wonyozedwayo angathe kukusumirani yekha kukhoti kuti mumulipire.

Tsono za kungotumizazo, amayi, mvetsani. Lamulo limayang'ana kufalitsa, ndipo kufalitsa ndi kuchititsa kuti munthu wina aone. Amene watumiza ku gulu la anthu 200 wafalitsa, ngakhale kamera sanaigwire. Mawu akuti "ndangolandira, sindikudziwa ngati nzoona" amene mumalemba pamwamba aja samuteteza. Ndipo mwana wanu asadzinamize ndi dzina labodza. SIM card iliyonse muno mu Zambia inalembetsedwa ndi NRC (chitupa cha unzika) ya munthu, monga imafunira ZICTA, bungwe loyang'anira za mafoni ndi intaneti, ndipo nthawi zambiri NRC imeneyo imakhala yanu amayi, chifukwa ndinu munamugulira layini. Chimene chimateteza munthu pa mlandu wa libel ndi kusonyeza kuti zimene ananenazo nzoona, ndiponso kuti kuzitulutsa kunali kothandiza anthu. Kusonyeza, osati kulumbira. Mwana wathu uja alibe chosonyeza, ndipo ngakhale vidiyo yonse ikanapezeka, ikanaonetsa kuti anadula mawu a mkulu uja pakati. Zolakwa zinali ziwiri, kudula ndi kufufuta.

Ndaona ena mwayamba kuyang'ana panja, mitambo yadetsa, ndiye ndithamange. Achinyamata lembani m'mafoni mwanumo.

Mukayamba kujambula, masekondi 10 oyamba nenani tsiku, nthawi ndi malo, ndipo muzungulitse kamera kuti malowo aoneke. Munthu akamalankhula musaimitse mpaka amalize, ndipo podula musadule chiganizo pakati. Vidiyo yosadula isungeni malo awiri, pa memory card ndi pa laputopu kapena flash, ndipo card ya ndale ikhale yosiyana ndi ya maukwati. Potumizirana pa WhatsApp tumizani ngati Document, chifukwa njira yamasiku onse ija imachepetsa vidiyo nkuchotsa zizindikiro za mkati zosonyeza tsiku limene inajambulidwa. Wofunsidwa anene yekha pa kamera kuti wavomera kujambulidwa. Nkhope za ana ndi za odwala phimbani.

Ngati mukunena munthu kuti walakwa, muimbireni kaye, mulembereninso uthenga, mumupatse tsiku lathunthu kuti ayankhe, ndipo screenshot ya uthengawo musunge. Akayankha, yankho lake lilowe mu vidiyo yomweyo. Nkhani ya ndalama za boma, monga za CDF (thumba la chitukuko cha m'dera), pemphani mapepala polemba kalata. Lamulo la Access to Information, lopatsa anthu ufulu wopempha uthenga ku boma, linasainidwa mu Disembala 2023, ligwiritseni ntchito. Nyimbo ya mwini wake musaike popanda chilolezo, Facebook imatha kuizimitsa mawu kapena kuichotsa vidiyo yonse. Wandale akakupatsani ya bundle kapena ya transport, nenani poyera mu vidiyomo kuti ndi iye walipira, apo ayi kanani. Mukalakwitsa, konzani pamalo pomwepo pamene munalakwitsira, mupepese momveka, koma file yoyamba ija musafufute. Kaye umboni m'manja, kenako kutulutsa.

Call-out ikabwera, pitani, musathawe, ndipo musapite nokha. Tengani wachibale wamkulu, ndipo ngati loya simungakwanitse pitani ku Legal Aid Board. Amene amagwira ntchito ya utolankhani adziwitsenso a MISA Zambia, bungwe loteteza ufulu wa atolankhani. Musasaine chikalata chimene simunawerenge, muli ndi ufulu wopempha kuti akuwerengereni m'chinenero chanu. Police bond, imene apolisi amakutulutsirani podikira mlandu, ndi yaulere, imangofuna anthu okuimirirani okhala ndi NRC ndi malo odziwika kumene amakhala, ndiye aliyense wokuuzani kuti mulipire, mufunseni risiti.

Amene muli ndi mavidiyo amene mukukayika nawo, musawafufute usiku uno. Bwerani nawo Loweruka 14 koloko muholo momuno, pamodzi ndi card yake, tidzaone limodzi. Atcheyamani, ndabweza kwa inu, mvula yayamba.