Moyo wa ku Germany: Kubwerera m'kalasi ndili ndi zaka 41

Moni nonse omvera, kaya muli kumudzi kaya muli kuno ku Ulaya. Ndikukulankhulani kuchokera mumzinda wa Hannover, m'chigawo cha Niedersachsen kumpoto kwa dziko la Germany, kumene ndakhala ndi banja langa kuyambira chaka cha 2022. Masabata apitawa ambiri mwa inu mwakhala mukundifunsa kuti munthu wamkulu amene anasiya sukulu kalekale angayambire pati kuphunzira Chijeremani, ndiponso kuti angaizindikire bwanji sukulu yoyenera kupatsidwa ndalama zake. Lero ndiyankha pokufotokozerani njira imene ndinadutsa ineyo, osabisa ngakhale pamene ndinaphonya.

Ndinabwera kuno motsatira bambo a kunyumba, amene anapeza ntchito ya uinjiniya n'kupatsidwa chilolezo chotchedwa Blue Card. Kawirikawiri munthu wofuna kutsatira mwamuna kapena mkazi wake ku Germany amayenera kuonetsa satifiketi ya mlingo woyamba wa Chijeremani asanapatsidwe visa, koma amene anzawo a m'banja ali ndi Blue Card lamuloli siliwakhudza. Nthawi imeneyo ndinaziona ngati mwayi, pamene kunena zoona zinandichititsa kutsika ndege ndisakudziwa mawu ena alionse kupatula Danke, amene ndi zikomo. Kwathu ndinali mphunzitsi wa pulayimale m'boma la Ntcheu kwa zaka 16, ndipo ndinkakhulupirira kuti Chingerezi chimene ndinkaphunzitsa ana a Sitandade 7 chindiyendetsa paliponse.

Chimene chinanditsegula m'maso chinachitika kusukulu ya mwana wanga wamkazi, amene panthawiyo anali ndi zaka 9 ndipo chilankhulochi anali atachitola msanga monga achitira ana. Aphunzitsi ake anandiitana kuti tikambirane za maphunziro ake. Tinakhala pa timipando ta ana m'kalasi, iwo akulankhula modekha ndi mwaulemu, ine ndikungogwedeza mutu, mpaka anatembenukira kwa mwanayo kuti andimasulire. Mwana anayang'ana pansi, n'kunena chapansipansi kuti, "Amayi, akuti ndikutsalira pa masamu." Ine, amene ndinakhala zaka zambiri ndikuitana makolo ndi kuwalangiza za ana awo, ndinasenzetsa mwana wanga katundu wonena yekha zofooka zake pamaso pa akuluakulu awiri. Usiku umenewo sindinaone tulo.

Mtima ukawawa munthu amathamangira chilichonse chimene chili pafupi. Ku ofesi yoona za anthu obwera, imene kuno amati Ausländerbehörde, anali atandipatsa kale pepala londilola kulowa maphunziro a boma, koma popeza linali m'Chijeremani ndinangoliika m'dilowa pamodzi ndi makalata ena amene sindinkawamva. M'malo mwake ndinatsatira chilengezo chimene ndinachiona pa Facebook, cha sukulu ina yoyima payokha imene inkalonjeza kuti munthu alankhula bwinobwino pakangotha miyezi itatu. Ndinalipira ndalama zambiri nthawi imodzi popanda kufunsa aliyense. Palibe amene anandiyesa kuti aone pamene ndili. M'kalasi munali ena amene anakhala m'dziko muno zaka zisanu, ena ofika kumene ngati ine, ndipo mphunzitsi ankayendera liwiro la odziwawo. Pamapeto anatipatsa pepala lokongola lokhala ndi chidindo, koma nditakalionetsa kwa mlangizi wa anthu obwera anandiuza mwachifundo kuti pepalalo linkangotsimikiza kuti ndinkapezeka m'kalasi, ndipo palibe ofesi imene ingalilandire ngati umboni wakuti ndikudziwa chilankhulo. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo ine phulalo ndinalidya ndi ndalama zimene zikanathandiza abale kumudzi.

Mlangizi ameneyu ndinamupeza kudzera mwa mayi wina wa kutchalitchi. Mabungwe monga Caritas, Diakonie ndi AWO ali ndi maofesi olangiza anthu akuluakulu obwera kuchokera kumaiko ena, ndipo uphungu wake ndi waulere. Mlangiziyo anatenga pepala n'kundijambulira makwerero a masitepe asanu ndi limodzi: A1, A2, B1, B2, C1 ndi C2. Imeneyi ndi milingo imene bungwe la Council of Europe linakhazikitsa mu 2001, ndipo imagwira ntchito pa zilankhulo zambiri za ku Ulaya, choncho amene muli ku France, ku Portugal kapena ku Italy mudzaipezanso komweko. Kenako anandifunsa funso limene ndikanayenera kudzifunsa ndekha pachiyambi, lakuti chilankhulochi ndikuchifunira chiyani. Wofuna chilolezo chokhala m'dziko muno mpaka kalekale, kapena wofuna unzika, kawirikawiri amafunsidwa B1. Namwino wofuna kuti mapepala ake a ntchito avomerezedwe amafunsidwa B2, ndipo wofuna kuphunzira payunivesite m'Chijeremani amayenera kupitirira pamenepo. Anandiuzanso kuti chimene maofesi amayang'ana ndi satifiketi ya mayeso odziwika, monga a Goethe-Institut, a telc, a ÖSD kapena mayeso a boma a anthu obwera. Ndikukupemphani kuti musanatulutse ndalama muzifunsa sukuluyo kuti maphunziro ake akukonzekeretsani mayeso ati, ndipo ngati yankho lake likuzungulira, bwererani ndi ndalama zanu.

Pepala lija ndinalitulutsa m'dilowa tsiku lomwelo. Linali londilola kulowa Integrationskurs, maphunziro amene boma linayambitsa mu 2005 ndipo amayang'aniridwa ndi BAMF, ofesi ya boma yoona za anthu obwera ndi othawa kwawo, ya ku Nürnberg. Amakhala ndi maphunziro 600 a chilankhulo, lililonse la mphindi 45, ogawidwa m'zigawo zisanu ndi chimodzi, ndiponso ena 100 a malamulo, mbiri ndi chikhalidwe cha dzikoli. Panthawi imene ndinalembetsa, phunziro limodzi linali mayuro 2.29, ndiye kuti mayuro 229 pa chigawo chilichonse, ndipo ndinkalipira chigawo ndi chigawo. Amene amalandira thandizo la boma ankatha kupempha kuti asalipire, ndipo wokhoza mayeso pasanathe zaka ziwiri ankatha kupempha kuti abwezeredwe theka la ndalama zake. Mitengo ndi malamulo amenewa amasinthasintha, choncho mukalembetsa funsani zimene zilipo panthawiyo. Chimene ndikufuna muchigwire ndi chakuti ufulu umenewu uli ndi malire a nthawi, ndipo pepala logona m'dilowa limatha mphamvu mwini wake ali chikhalire.

Sukulu zovomerezeka kuphunzitsa maphunzirowa ndi zambiri, ndipo mungazipeze pa tsamba la BAMF-NAvI polemba dera limene mukukhala. Yodziwika kwambiri ndi Volkshochschule, imene anthu amangoti VHS, sukulu ya anthu akuluakulu imene imapezeka pafupifupi mumzinda uliwonse. Ndinayendera sukulu zitatu ndisanasankhe. Sindinayang'ane kukongola kwa nyumba. Ndinafunsa tsiku limene kalasi yatsopano idzayambe, chifukwa malo amadzaza ndipo ena amadikira miyezi. Ndinawerengera ulendo wa pa sitima ya m'tauni, chifukwa m'nyengo yozizira kuno kumada cha m'ma 4 koloko madzulo, ndipo sukulu yakutali imagwetsa ulesi ngakhale munthu wakhama. Ndinasankha kalasi ya m'mawa, yoyamba ana atapita kusukulu ndi kutha asanaweruke. Mnzanga wina wa ku Ghana amene amagwira ntchito m'nyumba yosungiramo katundu anasankha yamadzulo, ndipo ngakhale inamutengera nthawi yaitali kuposa yanga, anamaliza, chifukwa inkagwirizana ndi moyo wake.

Musanapatsidwe kalasi mumalemba mayeso oona pamene muli, otchedwa Einstufungstest, ndipo pamenepa ndi pamene anthu akuluakulu timadzipweteka. Munthu amene kwawo anali mphunzitsi, namwino kapena mkulu wa pa ofesi safuna kuikidwa pamodzi ndi oyamba kumene. Nanenso ndinalakalaka kulosera mayankho kuti ndioneke wodziwa, koma ndinakumbukira ana amene ndinkawaona akukankhidwira m'kalasi yapamwamba asanadziwe kuwerenga, ndi mmene ankazimiririkira chaka chisanathe. Ndinasiya mipata pa mafunso amene sindinawadziwe. Anandiika m'chigawo chachiwiri, ndipo ndikuyamikira mpaka lero kuti maziko anga anamangidwa bwino.

M'kalasi mwathu tinalimo anthu ochokera ku Ukraine, amene ambiri anathawa nkhondo m'chaka cha 2022, ku Syria, ku Afghanistan, ku Eritrea ndi ku Turkey. Pafupi nane pankakhala bambo wina wa imvi amene kwawo anali ndi sitolo ya nsalu, ndipo ankalemba chilembo chilichonse mosamala ngati akusoka. Ndikawayang'ana ndinkakumbukira azakhali anga, amene anaphunzira kulemba dzina lawo ku sukulu ya kwacha ali ndi zidzukulu kale, ndipo tsiku limene anasiya kudinda chala anavala chitenje chatsopano. Ndili mtsikana sindinamvetse kulimba mtima kwawo. Ndinadzakumvetsa nditakhala pa desiki ndi zaka 41, lilime likukana kutchula mawu amene mwana wa zaka zisanu amatchula akusewera.

Ife olankhula Chichewa tili ndi zina zotithandiza zimene sitizidziwa. Chimene chimaopsa ambiri ndi timawu titatu toti der, die ndi das, chifukwa dzina lililonse la chinthu lili ndi kake, ndipo kamasintha mawu ena oyandikana nalo. Anzanga ena ankafunsa kuti n'chifukwa chiyani tebulo lili der pamene chitseko chili die. Ine ndinaona kuti zimenezi si zachilendo kwa munthu amene amati munthu wabwino, chinthu chabwino, mitengo yabwino, popanda kufunsa chifukwa. Ndinayamba kuloweza dzina lililonse pamodzi ndi kamawu kake, monga momwe mwana amaphunzirira magulu a mayina m'chilankhulo chathu. Chimodzimodzi kusiyana kwa Sie ndi du, kumene kumasokoneza olankhula Chingerezi, kwa ife ndi inu ndi iwe basi, ndipo munthu woleredwa kwathu amadziwa kale kuti kwa dokotala kapena kwa mwini nyumba sunganene kuti iwe.

Koma tilinso ndi minga yathuyathu. Kwathu l ndi r sitimazisiyanitsa kwenikweni, pamene kuno Reise ndi ulendo ndipo leise ndi mwakachetechete. Aphunzitsi athu anandipatsa mndandanda wa mawu oyenda awiriawiri otere, ndipo ndinkawabwereza ndikutsuka mbale mpaka khutu linayamba kumva kusiyana kwake lilime lisanazolowere. Nthawi nayo inandivuta. Ajeremani akati halb acht amatanthauza 7:30, kunena kuti theka la ola lopita ku 8, ndipo ine tsiku lina, poganiza kuti akunena 8:30, ndinafika kuchipatala ndi mwana wodwala ola lathunthu nthawi itadutsa, n'kuuzidwa kuti ndibwerenso tsiku lina. Kuyambira pamenepo ndimapempha kuti nthawi andilembere m'manambala.

Kalasi payokha sikwanira. Mapulogalamu a pa foni monga Duolingo amathandiza kuloweza mawu, ndipo maphunziro aulere a pa intaneti a Deutsche Welle ndi a vhs-Lernportal ndinkawagwiritsa ntchito madzulo, koma foni siikuyankha ngati munthu wotopa wa pa kauntala ya banki. Chimene chinandimasula pakamwa ndi gogo wina woyandikana nafe, amene ndinayamba kumunyamulira katundu pokwera masitepe, iye n'kumandiitana kudzamwa khofi Lachitatu lililonse ndi kundikonza ndikalakwitsa. Ndinapemphanso bambo a kunyumba kuti tikapita kumaofesi asamandiyankhire, ngakhale nditachedwa kupeza mawu.

Mayeso omaliza a chilankhulo amatchedwa Deutsch-Test für Zuwanderer, mwachidule DTZ. Mumamvetsera, mumawerenga, mumalemba kalata yaifupi, kenako mumalowa awiriawiri kukalankhula pamaso pa oyesa: mumadzifotokoza, mumalongosola chithunzi, ndipo mumakonza chinthu limodzi ndi mnzanuyo, monga phwando kapena ulendo. Kuti mupeze B1, gawo lolankhula liyenera kufika pa B1 pamodzi ndi gawo lina limodzi, kaya lomvetsera ndi kuwerenga kapena lolemba, choncho amene amakhala chete m'kalasi chifukwa cha manyazi amadzivulaza okha. Pambuyo pake pamabwera mayeso otchedwa Leben in Deutschland, a mafunso 33, atatu mwa iwo okhudza chigawo chimene mukukhala. Mukakhoza 15 mwapambana, koma wofuna unzika amafunika 17. Ndinakhoza onse awiri, ndipo panopa ndili pa maphunziro a B2 a chilankhulo cha kuntchito, chifukwa ndikufuna kubwerera pakati pa ana, ngakhale nditayambira pa malo owasamalira akaweruka kusukulu.

Miyezi ingapo yapitayo aphunzitsi a mwana wanga anandiitananso. Ndinapita ndekha, ndi kabuku kamene ndinalembamo mafunso anga usiku wake. Ndinawafunsa za kuchulukitsa ndi kugawa, ndinawafotokozera njira imene tinkaphunzitsira kwathu pogwiritsa ntchito timiyala ndi zitsekerero za mabotolo, ndipo iwo anandipempha kuti ndiwaonetse papepala. Kawiri ndinawapempha kuti abwereze pang'onopang'ono, ndipo anabwereza. Nditafika kunyumba mwana anandichingamira pakhomo n'kufunsa kuti, "Amayi, ati bwanji?" Ndinavula jekete, tinakhala pa tebulo, ndipo ndinamuuza zonse zimene aphunzitsi ake ananena.

Amene muli ndi mafunso okhudza kulembetsa, pitirizani kunditumizira mauthenga monga mwa nthawi zonse. M'gawo lotsatira tidzakambirana za kuvomerezetsa masatifiketi a kwathu kuno ku Germany. Zikomo kwambiri pondimvetsera, tsalani bwino.