Nyali ya siginala imafunanso mafuta

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo. Mawu athu m'mawa uno akuchokera pa Miyambo 14:13, pamene akuti ngakhale m'kati mwa kuseka mtima umatha kuwawa. Musanalowe m'zintchito zanu lero, kumbukirani munthu mmodzi amene amakuseketsani, mumuimbire foni. Musamuuze kuti "tatiseketsa", ayi. Mumufunse ngati wadya.

Ife a ku Mangochi kuno nyali za usipa timazidziwa. Mukaima pagombe ku Makawa kapena ku Malindi usiku wopanda mwezi, mumaziona zili ndandanda panyanja. Siginala amakhala m'kabwato kake ndi nyali, usipa n'kumasonkhana pansi pa kuwalako, anzake n'kuzungulira ndi ukonde wa chilimira. Kukacha tonse timathamangira kugombe ndi mabeseni, kukanganirana mtengo. Koma ndani amafunsa kuti nyali ija yamwa parafini wochuluka bwanji? Ngakhale masiku ano a mababu, ndani amafunsa za batire?

Mwana wa mchemwali wanga ndi siginala wotere. Anayamba zisudzo ali kusekondale, pampikisano wa ATEM, ndipo pano amajambula tinthabwala pafoni n'kuika pa Facebook ndi TikTok. Loweruka amakhala MC kumaukwati ndi kuzinkhoswe. Akayamba kutsanzira kondakitala wa minibasi ya ku Namwera akukanirira chenji, ngakhale agogo opanda mano amagwira nthiti. Sabata ino mayi ake, mlongo wanga, ali m'chipatala, ndipo ine ndi iyeyo tikusinthana kudikirira. Loweruka lapitali anachoka kuwodi maso ali gwa, anasamba kumaso pampopi wa panja, anavala jekete lake lofiira lija, n'kupita kukayendetsa perekaniperekani. Anthu anaseka mpaka misozi. Eni ukwati anamuuza kuti ndalama yake amutumizira mawa, ndipo mawalo silinafikebe. Atabwerako usiku anakhala pambali panga pabenchi, nati, "Amalume, lero ndimaseketsa anthu koma mawu anga sindimawamva."

Abale, tili ndi nkhanza ina imene sitiitcha nkhanza. Munthu wanthabwala akakhala chete timamunena kuti wayamba matama. Akapempha malipiro ake timadabwa, ati kuseketsa anthu ndi ntchito ngati? Bandulo yoikira kanema amagula yekha, thiransipoti yekha, ife timangodina kamtima n'kupitirira. Usipa tadya, nyali taiiwala. Muimbireni foni munthu ameneyo lero.

Dziko lino linakula ndi nthabwala za Izeki ndi Jakobo a gulu la Kwathu. John Nyanga (Izeki) anatisiya mu 2016, Eric Mabedi (Jakobo) mu 2021, ndipo pamaliro tinalankhula mawu okoma kwambiri. Mawu amenewo akanakoma koposa eni ake akanawamva ndi makutu awo. Michael Usi, amene tinkamuseka ngati Manganya mu Tikuferanji, anadzakhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko mu 2024. Makolo amene mumatukwana mwana chifukwa chokonda zisudzo, bwezani mtima pang'ono. Mphatso imeneyo simunamupatse ndinu.

Tsopano ndilankhule nawe iwe amene uli m'kabwato, kaya ndiwe wazisudzo, woyimbitsa kwaya, kaya mayi amene pamaliro aliwonse ndiwe wotsitsimutsa anzako kukhitchini. Siginala wanzeru sakhala panyanja mpaka nyali kuzima. Amabwerera kumtunda, amapukuta galasi, amathira mafuta. Ndipo mwezi ukawala, asodzi a usipa ambiri amapuma, nyanja siitha. Si ukwati uliwonse umene uyenera kuvomera. Si tsiku lililonse limene uyenera kuika kanema. Pamaso pa Mulungu sufunika jekete lofiira. Iye safuna kuseketsedwa, amalandira munthu wolira monga alili. Davide anati Yehova ndiye amayatsa nyali yake (Masalimo 18:28), ndipo anamwali asanu opusa aja a pa Mateyu 25 mukuwadziwa, mafuta obwereka sanawapeze.

Mawu a m'mawa uno ndawalembera pabenchi la m'chipatala, foni itatsala pang'ono kuzima. Ena munafunsa dzulo chifukwa chake mawu anachedwa. Mmodzi yekha ndiye anafunsa ngati ndili bwino, ndipo mayi ameneyo Ambuye amudalitse, chifukwa madzulo anabwera ndi phala m'fulasiki.

Mlongo wanga usiku wapitawu wagona bwinoko ndipo wamwa tiyi. Mnyamata uja Loweruka likubwerali ali ndi chinkhoswe ku Monkey Bay, ndipo wati apita chifukwa ndalamayo ikufunika pamankhwala. Mumukumbukire m'mapemphero anu. Ndipo ngati alipo pagulu pano amene ali ndi ngongole ya MC wa paukwati wa mwana wake, nambala yake muli nayo.